Kusokera pa siteji kwa eni: kuwerenga The Lonely Londoners ya Sam Selvon

Nkhani za anthu amene anabalalika ndi mayendedwe kunja timazikonda kwabasi. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp sizitha. Wina anakwera sitima yolowera kolakwika mpaka kukafika kothera njanji. Wina anatulutsa ndalama m'basi ya ku London, kumene anasiya kulandira ndalama za m'manja mu 2014, dalaivala n'kumangomuyang'ana. Wina ku Joni anathamangira mpando wakutsogolo mu takisi, osadziwa kuti wokhala pamenepo ndiye amalandira ndalama za anthu onse n'kumawerengera chenje. Timaseka, timaponya tinkhope ta misozi tija, kenako chala n'kutsetserekera pa nkhani ina.

Koma pali funso limene sitidzifunsa kawirikawiri. Tikamaseka chonchi, timakhala titaima pati? Tili m'basimo limodzi ndi wosokerayo, kapena tili pawindo pamodzi ndi eni dziko, kumuloza chala? Funsoli ndi la wolemba aliyense amene akufuna kulemba za ulendo, ndipo buku limene linaliyankha bwino kuposa ambiri ndi The Lonely Londoners, lolembedwa ndi Sam Selvon, lomwe linatuluka mu 1956. Ndi kabuku kochepa, masamba pafupifupi 140, koti ukhoza kukamaliza pa ulendo wa basi wochoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu.

Selvon anabadwira ku San Fernando, pa chilumba cha Trinidad, mu 1923. Anapita ku London mu 1950, pa sitima imodzi ndi mlembi mnzake George Lamming wa ku Barbados. Inali nthawi imene anthu a kuzilumba za Caribbean ankakhamukira ku Britain. Mu June 1948 sitima yapamadzi yotchedwa Empire Windrush inali itakocheza ku Tilbury ndi anthu mazanamazana ochokera kumeneko, ndipo lamulo la chaka chomwecho linkati anthu a ku Jamaica, Trinidad ndi zilumba zina zolamulidwa ndi Britain ndi nzika, ali ndi ufulu wolowa ndi kugwira ntchito. Pa pepala sanali alendo ayi. Kusukulu anaphunzira mafumu a ku England, mitsinje yake ndi mayina a misewu ya London. Anafika akudziwa mayina onse koma osadziwa basi yopita kumeneko. Ife a masiku ano izi tizimve msanga: timadziwa Arsenal, Tottenham ndi Chelsea kuposa midzi ya agogo athu, koma atatitula pa siteshoni ya Arsenal lero lino, n'kutiuza kuti tipeze njira, thukuta likhoza kutuluka m'nyengo yachisanu.

Pa Waterloo

Bukuli likuyambira m'basi. Ndi madzulo a nyengo yozizira, nkhungu yakuta mzinda, ndipo Moses Aloetta wakwera basi nambala 46 kupita ku siteshoni ya Waterloo kukachingamira munthu amene sakumudziwa n'komwe. Mnzake wa ku Trinidad wangomulembera kalata kuti kukubwera mnyamata, akamuthandize. Moses akunyinyirika. Wakhala ku London zaka zambiri, alibe chimene wasunga, koma aliyense wobwera kumene amapatsidwa dzina lake ngati kuti iye ndi ofesi ya boma. Kwathu kuno munthu wotere timamudziwa bwino. Ndi mtchona uja wa ku Joni amene nambala yake imayenda m'mudzi monse, amene foni yake imalira pakati pa usiku kuti mwana wa uje wafika pa Park Station ndipo alibe kolowera. Amatukwana, koma amavala jekete n'kupita.

Chimene Selvon anachiona, chomwe olemba ambiri amachiphonya, n'chakuti siteshoni imapweteka wochingamira kuposa wofikayo. Moses ataima pa Waterloo akugwidwa ndi chikumbumtima cha kwawo chimene samachiyembekezera. Tikuuzidwa kuti pali matchona ena amene amangopita pa siteshonipo sitima ikamafika, opanda wachibale woti amulandire, kungoti aone nkhope zakwawo ndi kufunsa za kumudzi. Wobwera kumene ali ndi mantha a tsiku limodzi. Wakaleyo akuona pa nkhope ya mlendoyo zaka zake zonse zimene zapita popanda chooneka.

Pomwepo pali Tolroy, wa ku Jamaica, amene wabwera kudzalandira mayi ake okha. Sitima itaima, akutsika mayi ake, kenako Tanty Bessy, kenako Lewis ndi mkazi wake Agnes, kenako ana awiri. Anawalembera kuti akulandira ndalama zabwino, ndiye banja lonse laona kuti palibe chotsalira. Kachipinda kake n'kamodzi. Amene anatumizako chithunzi chooneka bwino kumudzi ali kunja, n'kulandira mauthenga khumi opempha thiransipoti, amvetsa kuti nthabwala imeneyi ili ndi mano.

Ndiyeno mlendo wa Moses uja, Henry Oliver, akutulukira pomalizira penipeni chifukwa anagona m'sitima. Alibe sutukesi, alibe chijasi, wavala suti yopepuka ya kotentha, ndipo akuti sakumva kuzizira. Moses akumupatsa dzina lakuti Sir Galahad, ndipo dzinalo likumukanirira mpaka buku kutha.

Safunsa pa Queensway

M'mawa mwake Moses akuti amuperekeze ku ofesi ya leba. Galahad akukana. Akufuna kuonetsa kuti iye si mwana, London ndi mzinda ngati mizinda ina. Akutuluka yekha, akufika cha pa Queensway, ndipo pamenepo zinthu zikumuthera. Anthu akungodutsa, aliyense akudziwa kumene akupita, palibe womuyang'ana. Dzuwa lilipo kumwamba koma silikutentha. Akuyesa kukumbukira kumene wachokera ndipo sakutha. Wapolisi akumugwira paphewa, iye mtima n'kungoti phwii, kuganiza kuti walakwa kale. Kenako akuona Moses akubwera, amene anamutsatira mwakachetechete podziwa zimene zichitike.

Mphunzitsi wa Chichewa wa ku sekondale akanatifunsa phunziro la ndimeyi, tonse tikanalemba kuti safunsa anadya phula, n'kukhoza. Koma Selvon sakulemba kuti atiphunzitse kufunsa njira. Taonani kutalika kwa nthawi imene akutisunga m'mutu mwa Galahad. Sakuthamangira pa nthabwala. Akutiimika pamsewupo mpaka ifenso timve kuti kusokera kwa eni n'kosiyana ndi kusokera kwanu. Ukasokera ku Ndirande kapena ku Kawale, umadziwa kuti ukatchula dzina la sukulu, la tchalitchi kapena la munthu wogulitsa makala, wina akulozera. Dzina lako ndi chilankhulo chako zimagwirabe ntchito. Galahad akuzindikira kuti atagwa pomwepo palibe amene angadziwe kuti ndi mwana wa yani. Manyazi a kufunsa akuchokera pamenepo: kufunsa ndi kuvomera pagulu kuti ndiwe wobwera, pamene pasipoti yako ikuti ndiwe nzika.

Malo amene Selvon anasankha nawonso ndi oyenera. Mapu a sitima zapansi panthaka za ku London, amene Harry Beck anajambula n'kutuluka mu 1933, saonetsa kutalika kwenikweni kwa malo. Amaonetsa mizere ndi polumikizira basi. Pa mapupo siteshoni ya Queensway ndi ya Bayswater zili pa njanji zosiyana, ndipo mlendo akhoza kutsika pansi, kukwera sitima, kusintha ina, kuti achoke pa imodzi kufika pa inzake. Chonsecho ziwirizi zili mumsewu umodzi, mtunda woyenda pansi mphindi zochepa. Mzinda wotere umamveka kwa amene akuudziwa kale. Ngakhale lero, foni ili m'manja ndi Google Maps yotsegula, bandulo ikangotha kapena netiweki ikasowa pansi panthaka, munthu umabwerera pomwe anaima Galahad.

Basi itafika, Galahad akudumphira kutsogolo kwa anthu monga amachitira kwawo, monganso timachitira ife pa depoti madzulo minibasi zikavuta. Kondakitala akumudzudzula kuti kuno anthu amaima pamzere, ndipo mayi wina wachikulire akuyankhulapo zosonyeza kuti anthu awa akuyenera kuphunzira khalidwe. Apa pali zinthu ziwiri zimene Selvon wazisiya pamodzi osazilekanitsa. Galahad walakwadi, mzere ndi mzere. Koma mayiyo sakunena za Galahad yekha. Akunena za anthu a mtundu wake onse. Mzungu akadumpha mzere ndi munthu mmodzi wamwano. Galahad akadumpha, Caribbean yonse yadumpha. Atafika ku ofesi ya leba, Moses akumufotokozera kuti mapepala a anthu akuda amaikidwa chizindikiro chosonyeza khungu lawo, kuti olemba ntchito amene safuna wakuda asavutike. Choncho ulendo wa basi uja ndi kalasi yoyamba ya phunziro limene likupitirira ku ofesi, kwa eni nyumba za lendi ndi ku fakitale.

Chilankhulo ndicho mpando

Tsopano tifike pa chimene chimapangitsa kuti ndimezi zisakhale chipongwe. Selvon ananena yekha kuti anayamba kulemba bukuli m'Chingerezi cha kusukulu ndipo nkhani inkakana kuyenda. Inayenda atasintha n'kuyamba kulemba m'Chingerezi cha ku Trinidad, chija cha mumsewu, atachisula pang'ono kuti wowerenga wa kwina amve. Olemba ambiri a nthawi imeneyo ankalola ampangankhani awo kulankhula chakwawo, koma wofotokoza nkhani ankakhalabe ndi Chingerezi chowongoka, ngati bwana amene akutionetsa antchito ake. Selvon anapereka chilankhulo chomwecho kwa wofotokoza nkhaniyo. Mawu amene akutiuza kuti Galahad wasokera ndi mawu omwewo amene Galahad amalankhula.

Zotsatira zake n'zazikulu. Wofotokoza nkhani amene amalankhula ngati eni dziko, akamanena za mlendo wodumpha mzere, amakhala ataima ndi mayi wachikulire uja, afune asafune. Wofotokoza wa Selvon akumveka kuti nayenso anadumphapo mzere chaka china, anadzudzulidwapo, ndipo akuseka monga amasekera munthu amene chilonda chake chinapola. Akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno ndi chosemphana pang'ono: chimene chikuona Galahad lero chinamuona kale wofotokozayo dzulo.

Ife olemba Chichewa nkhaniyi ikutikhudza mwachindunji. Nthabwala zathu zambiri za m'tauni zimaima pa munthu wakumudzi amene wafika ku Lilongwe koyamba, akuopa chikepe kapena akulonjera aliyense m'minibasi. Mvetserani bwino mmene timazifotokozera. Wofotokoza amalankhula Chichewa cha m'tauni chothira Chingerezi, ndipo wakumudziyo timamupatsa kalankhulidwe kokokomeza kuti amveke wotsalira. Tikatero tasankha kale mbali. Ndiye tsiku limene ifeyo taima pa siteji ku Johannesburg, osadziwa kuti chala choloza kumwamba ndiye kuti ukupita m'tauni ndipo choloza pansi ndiye kuti ukutsikira pafupi, timadabwa kuti eni dziko akutiseka ndi kaseko komweko.

Ulendo wa Tanty

Ndime imene ine ndimaikonda kwambiri ndi ya Tanty Bessy. Mayiyu wakhazikika cha ku Harrow Road, msewu umene umalowera ku Harlesden, dera limene Dr Kamuzu Banda ankagwirako ntchito ya udokotala asanachoke ku London mu 1953. M'dera lakelo Tanty ndi mfumu. Akudziwa aliyense. Wakakamiza mwini golosale wachizungu kuti ayambe kukongoza anthu katundu n'kumalipira Lachisanu, monga amachitira ku Jamaica. Waphunzitsa ogulitsa buledi kuti azimukulunga, asamangomupereka m'manja. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma mayi yemweyu sanatulukepo m'deralo. Sitima yoyenda pansi panthaka amaiopa, basi zosanjikizana zija amaziona ngati zigubuduzika.

Tsiku lina mayi ake a Tolroy apita kuntchito, kumene amatsuka mbale mu lesitilanti, atatenga kiyi wa kabati ya zakudya. Kunyumba sikuphikidwa popanda kiyiyo. Tanty akuvala, akufunsa njira, akupita pa sitima yapansi, akubwerera pa basi. Mantha ali thoo ulendo wonse, moti za m'njira sakuziona n'komwe. Koma atafika kunyumba, palibenso amene angamuuze kuti sanakwerepo zinthu zimenezi.

Yerekezani ndi Galahad. Mnyamata uja anatuluka chifukwa cha matama, anakana thandizo, ndipo anachita kupulumutsidwa. Tanty akutuluka chifukwa ana adye, akufunsa mopanda manyazi, ndipo akupita n'kubwera yekha. Selvon sakutiuza kuti tiwayerekeze, wangoika maulendo awiriwa m'buku limodzi n'kutisiya. Chinanso chimene ndimachikonda n'chakuti sakunamiza kuti ulendowu wamusintha Tanty. Sakubwerako ali wokonda mzinda. Wachita chimene chimafunika, mantha ake akadali pomwepo, basi. Anthu ambiri amene ali kunja amakhala chonchi: amadziwa njira imodzi, ya kunyumba ndi kuntchito, ndipo mzinda wonse wotsalawo ndi mphekesera chabe.

Kutchula malo mwakwathu

Pali njira inanso imene anyamata a m'bukuli akulimbanirana ndi mzindawu. Akuudula mayina. Bayswater akuitcha the Water, Notting Hill Gate ndi the Gate, Marble Arch ndi the Arch. Wina wotchedwa Big City amasokoneza mayina a malo nthawi zonse ndipo safuna kukonzedwa. Ifenso timatero: Johannesburg tinaisandutsa Joni, Harare makolo athu ankati Halale, ndipo depoti ya basi ku Blantyre mpaka lero timaitcha Wenela, dzina la bungwe limene linkalemba anthu opita ku migodi ya ku South Africa. Malo ukawatchula mwakwanu amayamba kukhala ako pang'ono.

Galahad yemwe uja, patapita miyezi, ndiye akukoma nawo mayinawa. Akamanena kuti akukakumana ndi mtsikana ku Charing Cross kapena ku Piccadilly Circus amamva ngati wakula msinkhu. Amaima pa wotchi ya mu siteshoni ya Piccadilly, imene imaonetsa nthawi ya maiko osiyanasiyana, atavala bwino, akudikira chibwenzi. Wowerenga wosafulumira aona kuti Selvon akumumvera chisoni pomwe akumusekerera. Njira wazidziwa tsopano, sasokeranso. Koma ndi Galahad yemweyu amene usiku wina akuyang'ana dzanja lake n'kuyamba kulankhula ndi khungu lake lakuda ngati munthu wina, kuliimba mlandu pa mavuto onse amene akukumana nawo. Kudziwa basi sikunamutsegulire zitseko za nyumba zimene eni ake safuna wakuda.

Mbiri inawonjezapo nthabwala yake. Mu 1956, chaka chimene bukuli linatuluka, London Transport inayamba kulemba anthu ntchito mwachindunji ku Barbados, ndipo pambuyo pake ku Jamaica ndi ku Trinidad. Anthu amene ankadzudzulidwa pamzere anakhala makondakitala ndi madalaivala a basi zomwezo, n'kumalozera njira eni mzinda. Komabe mu 1962 Britain inakhwimitsa lamulo lolowera m'dzikomo, mu 1963 anthu ku Bristol ananyanyala basi chifukwa kampani ya kumeneko inkakana kulemba akuda ntchito ya m'basi, ndipo mu 2018 zinaululika kuti ena mwa anthu a m'badwo wa Windrush, amene anakhala m'dzikomo zaka makumi, ankamangidwa ndi kuthamangitsidwa ngati olowa mozemba. Mu 2022 anaimika chipilala chowakumbukira pa Waterloo pomwepo: bambo, mayi ndi mwana ataima pamwamba pa masutukesi.

Pamene bukuli likutsimphina

Sindingakugulitseni bukuli ngati lopanda banga. Vuto lake lalikulu ndi akazi. Kupatula Tanty, akazi ambiri m'bukuli alibe nkhope. Anyamatawa amawatchula ndi mawu owachepetsa ngati katundu, ndipo chilankhulo chija chimene ndachiyamikira pamwambapa chikugwira ntchito yoipa pano. Popeza wofotokoza nkhani ndi mmodzi wa anyamatawo, palibe mawu ena m'bukuli otsutsa zimene akunena. Mpando umene unatithandiza kumva mantha a Galahad ndi womwewo umene ukutibisira nkhope za akaziwa.

Chitsanzo chowawa ndi Agnes. Moses, mongocheza, akuuza Lewis kuti amuna akamagwira ntchito usiku akazi awo amalandira alendo kunyumba. Lewis akukhulupirira, akuyamba kumenya mkazi wake popanda chifukwa, mpaka Agnes akuthawa n'kukamusumira. Nkhaniyi ikufotokozedwa ndi kamvekedwe komweko ka nthabwala, ngati ndi imodzi mwa zopusa za Lewis. Ndiye taganizani. Agnes anafika pa Waterloo tsiku limodzi ndi Tanty. Ndi mlendo mumzinda womwewo wosokoneza. Tsiku limene anachoka panyumba anayenda bwanji? Anafunsa ndani njira, ali ndi mabala kumaso? Anakatsikira kuti? M'buku lodzaza ndi maulendo, ulendo umene unali wa moyo ndi imfa ndi umene Selvon sanaulembe. Anatipatsa masamba a Galahad akugwira nkhunda mu paki kuti adye, koma Agnes akungozimiririka. Ena amati Selvon ankangoonetsa mmene anyamatawo ankaganizira. Mwina. Koma mlembi amene anatha kulowa m'mutu mwa Tanty pa sitima akanathanso kukwera basi imodzi ndi Agnes.

Chachiwiri n'chaching'ono. Bukuli lilibe mitu, ndipo limayenda ngati macheza a pabwalo: nkhani ya uyu, kenako ya uyo, kenako kubwerera. Pakatikati pali chiganizo chimodzi chonena za nyengo yotentha chimene chimatenga masamba angapo popanda mpumiro. N'chokoma ukachiwerenga mokweza, koma pa foni chimatopetsa maso. Ndipo nkhani zina za anyamatawa, makamaka za Cap ndi akazi ake, zimabwerezabwereza mpaka umayamba kuwerenga modumpha.

Nanga zathu?

Ife tili ndi buku lathu lotchuka la ulendo, I Will Try la Legson Kayira, lomwe linatuluka mu 1965. Kayira ananyamuka kumpoto kwa Nyasaland mu 1958 wapansi, anadutsa Tanganyika ndi Uganda mpaka Khartoum, ndipo mu 1960 anakafika ku Skagit Valley College ku America. Mutu wa bukulo ndi mawu a sukulu yake ya Livingstonia. Ndi ulendo woposa wa Galahad kutalitali, ndipo palibe angaupeputse. Koma kalembedwe kake ndi ka umboni: vuto lililonse la m'njira ndi sitepe yokwerera ku chipambano chimene wowerenga akuchidziwa kale. Kalembedwe kameneka ndi kamene tinatengera. Tikalemba za kunja mwaulemu timalemba umboni, kuti ndinavutika koma onani pano. Tikalemba mosasamala timalemba chipongwe. Selvon akuonetsa njira ina, yolemba munthu amene wasokera, sanapambane, mwina sadzapambana, koma ndi munthu wathunthu woti tikhale naye.

Mnansi wathu Brian Chikwava wa ku Zimbabwe anayenda njira imeneyi mu Harare North, buku la mu 2009, limenenso linalembedwa m'Chingerezi chopindidwa dala. Kumeneko mlendo akufikira pa bwalo la ndege la Gatwick, akuyamba wasungidwa ndi a zolowa ndi kutuluka, ndipo womuchingamira ndi mkazi wa msuweni wake amene sakubisa kuti sakumufuna. Ukawerenga mabuku awiriwa motsatizana umaona chimene chasintha pa zaka makumi asanu. Moses ankanyinyirika koma ankapita, ndipo Lamlungu lililonse m'mawa anyamata ankadzaza m'kachipinda kake kudzacheza. Kwa Chikwava ngakhale wachibale ndi chitseko chotseka.

Nkhani zotere ife tili nazo zambiri kuposa amene akuzilemba. Tsiku lililonse basi zimanyamuka kudzera pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka Beitbridge. M'basi iliyonse muli Galahad amene akuti akudziwa zonse, muli Tanty amene wamanga ufa ndi usipa m'chikwama, mulinso Agnes amene sakuuza munthu chimene akuthawa. Pofika pa Park Station pali Moses amene sanagone. Anthu amenewa amalota ndi kuchita mantha m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, ndipo akafuna kufotokoza zimene zinawachitikira pa boda amasakaniza ndi Chizulu ndi Chingerezi cha m'njira. Wolemba amene adzawalembe m'chilankhulo chimenecho, osachiwongola kuti chikondweretse mphunzitsi, ndiye adzatipatse buku limene tikulisowa.

The Lonely Londoners muliwerenge. Masamba oyamba Chingerezi chake chikuvutani pang'ono. Werengani mokweza ndime ziwiri zitatu, khutu lizolowera msanga kuposa diso. Mukafika pa Tanty ndi kiyi wake musathamange. Ndipo amene muli kunja, kapena munabwerako, tandiuzani m'munsimu: tsiku loyamba kukwera basi kwa eni, anakuchingamirani ndani, ndipo munamuthokozapo?